Kukhazika maganizo ndi kulawa zabwino: njira ziwiri zomwe ochiritsa ayamba kuphatikiza

M'chaka cha 2010, akatswiri awiri a ku yunivesite ya Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafalitsa zomwe anapeza atafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni, nthawi zosiyanasiyana za tsiku: mukuchita chiyani, mukuganiza chiyani, mukumva bwanji? Zinaoneka kuti pafupifupi 47 peresenti ya nthawi, maganizo a munthu sakhala pa zimene akuchita. Manja ali pa ntchito, mtima uli pa ngongole ya mwezi watha kapena fizi ya ana. Ndipo maganizo akamayendayenda chotere, kawirikawiri munthuyo amakhala wosasangalala.

Njira yobweza maganizo pa zomwe zikuchitika panthawi ino, yotchedwa mindfulness, inalowa m'chipatala mu 1979. Jon Kabat-Zinn wa pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts anatenga kusinkhasinkha kwa Abuda, nakukonza kukhala maphunziro a milungu 8 a odwala achipembedzo chilichonse. Munthu amakhala phee n'kumatsatira mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Maganizo akathawa, amawabweza mofatsa osadzidzudzula. Mu 2015, kafukufuku wa anthu 424 ku Britain anaonetsa kuti pa zaka ziwiri, matenda ovutika maganizo anabwerera mwa anthu 44 pa 100 alionse ophunzira njira yochokera pamenepa, ndi mwa 47 pa 100 mwa omwe anapitiriza kumwa mankhwala.

Njira yachiwiri, positive psychology, inatchuka mu 1998 pamene Martin Seligman anali mtsogoleri wa bungwe la American Psychological Association. Iye ankadandaula kuti akatswiri a zamaganizo akudziwa zambiri za matenda, koma zochepa za chimene chimapangitsa munthu kukhala bwino. Mu 2005 gulu lake linapempha anthu kulemba, usiku uliwonse kwa sabata imodzi, zinthu zitatu zomwe zayenda bwino tsikulo ndi chifukwa chake. Patapita miyezi 6, ambiri anali adakali osangalalako kuposa poyamba.

Ubwino wophatikiza njira ziwirizi ndi uwu. Munthu amene wamira m'kuganiza kwambiri, mukamuuza kuti alembe zabwino zitatu, adzayankha kuti palibe, ndipo sakunama. Mwana anamusekerera m'mawa, mnzake anamugawira chakudya masana, koma iye sanazione chifukwa mtima unali kwina. Ayenera kaye kuphunzira kuona. Nakonso kukhala chete pakokha kuli ngati kulima munda osadzalamo kanthu.

Umboni wolimba wachokera komwe ambiri sakanayembekeza: kwa odwala ululu wosatha ku America, dziko lomwe lataya anthu ochuluka chifukwa cha mankhwala opha ululu a mtundu wa opioid. Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali, ubongo umatha kusiya kumva kukoma kwa zinthu wamba, ndipo mapiritsi okha ndi amene amatsala osangalatsa. Katswiri wina, Eric Garland, anakonza maphunziro a milungu 8 olimbana ndi zimenezi. Odwala amaphunzira kuuyang'anitsitsa ululu wawo, n'kusiyanitsa kutentha, kumanga ndi kubaya, m'malo mouona ngati chilango chimodzi chachikulu. Amaphunziranso kuganizira mavuto awo mwatsopano. Kenako amapatsidwa chinthu chokongola, monga duwa, kuti aone mtundu wake, alinunkhize, ndi kumvetsera mmene chimwemwe chaching'onocho chikumvekera m'thupi. Zikumveka zachibwana, koma zotsatira zomwe zinafalitsidwa mu 2022 m'magazini ya JAMA Internal Medicine sizachibwana. Mwa anthu 250, patatha miyezi 9, anthu 45 pa 100 alionse a m'gulu lophunzira njirayi anali atasiya kumwa mankhwalawo molakwika, pomwe m'gulu longolandira uphungu wokambirana anali 24 pa 100.

Komabe njirazi tisaziyese mankhwala a chilichonse. Kafukufuku wa MYRIAD, wa ana asukulu oposa 8,000 ku Britain, anapeza mu 2022 kuti kuphunzitsa mindfulness m'kalasi sikunathandize anawo kuposa maphunziro a nthawi zonse. Ambiri sankayeserera n'komwe kunyumba. Njira izi zimafuna munthu wofuna yekha, osati wokakamizidwa. Ndipo n'kulakwa kuuza mayi wopanda ufa m'nyumba kuti vuto lake ndi kusayamika.

Amene akufuna kuyesa angayambe ndi mphindi khumi zotsatira mpweya, kenako madzulo n'kulemba zabwino zitatu, ngakhale zazing'ono. Amene anakumana ndi zoopsa asamale, poti kukhala chete nthawi zina kumadzutsa zikumbutso zowawa. Ndi bwino kuchita mothandizidwa ndi mlangizi. Munthu amene sakugona, sakudya, kapena akuganiza zodzipha apite msanga kuchipatala chapafupi. Ku Malawi kuno, thandizo lapadera likupezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.