MADZI AMENE ALONDA NYUMBA YANU

Lero ndifuna kulankhula ndi inu amene mulikumanga nyumba za mipope ya madzi, ndi inunso amene mukhala kale m'nyumba zotere koma mudabwa kumene kucokera pfungo la cimbudzi, cinkana amai akolopa tsiku ndi tsiku.

Taweramani muyang'ane pansi pa sinki. Mudzaona kuti paipi yocotsa madzi oipa siyenda molunjika, koma yapindika ngati cigongono, kutsika ndi kukweranso. Amisiri a mipope aicha trap. M'kupindikamo mutsalira madzi nthawi zonse, ndipo madzi amenewo ndiwo citseko. Zonyansa zikamaola m'mipope ya pansi kapena m'septic tank zitulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lobvunda, umene upweteketsa mutu, ndi winanso wokhoza kuyaka moto. Mpweyawo ukakwera upeza madzi, nulephera kulowa m'nyumba. Mphemvu ndi nchenche nazonso zibvutika kupyola pamenepo. Nzeru imeneyi si yatsopano ai. Alexander Cumming, mmisiri wa mawochi wa ku Scotland amene anali kugwira nchito ku London, anailembetsa ku Boma monga yace m'caka ca 1775.

Tsono sinki, beseni, bafa ndi shawa, ciri conse cikhale ndi trap yaceyace, pafupi pansi pace. Ikhale imodzi yokha, pakuti mukaika ziwiri motsatana mpweya utsekeredwa pakati ndipo madzi ayenda mozengereza. Madzi otsalirawo azame mamilimita 50 kufikira 75. Cimbudzi ca madzi ciri nayo kale trap yace, youmbidwa pamodzi ndi mbale yace. Beseni lifuna paipi ya mamilimita 32, sinki ndi bafa ya 40, cimbudzi ya 110. Ndipo paipi yaikuluyo pansi pa nthaka itsike sentimita 1 pa masentimita 40 ali onse.

Koma citseko ca madzi cikhoza kucoka, ndipo apa ndi pamene ambiri alakwa. Amai adziwa kuti citini ca mkaka ukaciboola pamodzi pokha mkaka utuluka mobvuta, koma ukaboolanso mbali yina utuluka bwino, cifukwa mpweya walowa. M'mipope muli cimodzimodzi. Madzi a cimbudzi akamatsika adzaza paipi, nakoka mpweya pambuyo pao. Ngati palibe polowera mpweya wina, ayamwa madzi a mu trap imene iri pafupi, monga umo munthu akokera petulo m'mgolo ndi paipi ya mphira. Cizindikiro cace ndi ici: wina akagwetsa madzi m'cimbudzi, sinki ilira ngati munthu wocukuca m'kamwa, ndipo posacedwa pfungo lilowa.

Mankhwala ace ndi paipi yopumira, imene amisiri aicha vent. Ndiyo ija muiona itakwera pa khoma la cimbudzi kupyola denga. Omanga ena aisiya pofuna kusunga ndalama, poti mwa iyo simuyenda madzi; koma nchito zace nziwiri zazikulu. Ilowetsa mpweya kuti trap isayamwidwe, nitulutsa mpweya woipa kumwamba kumene mphepo iumwaza. Isathere m'siling'i kapena pansi pa mphepete mwa malata. Ngati pali zenera pafupi, mosafika mamita 3, mutu wace ulipitirire ndi mamilimita 900. Pamwamba pace bvekanipo kacisoti ka waya kuti mbalame zisamangemo cisa. Ndiponso pogula trap sankhani ya P, yolowa m'khoma, pakuti ya S, yotsikira pansi, idziyamwa yokha kawirikawiri.

Mdani wina ndiye dzuwa. M'kutentha kwa mwezi wa October, bafa limene siligwira nchito liuma madzi ace. Thiranimo kapu ya madzi sabata iri yonse. Ndipo mukamapita ku chuti kumudzi onjezanimo supuni ya mafuta ophikira, amene ayandama pamwamba nacedwetsa kuuma.

Cotero musanalipire mmisiri, mufunseni mafunso awiri: trap ya ciri conse iri kuti, nanga paipi yopumira ituluka pati? Itananinso woyang'anira nyumba wa ku Khonsolo aone mipope isanakwiriridwe, pakuti kukonza simenti itauma kale ndiko kugumula nyumba yanu yomwe. Akulu anati safunsa anadya phula.