Kodi mumadziwa kuti nkhambakamwa za pabawo ndi mankhwala?

Kodi mumadziwa kuti bambo uja wa pabawo ku Kawale, amene amalumbira kuti anawedza mlamba mumtsinje wa Lilongwe mpaka amuna asanu kulephera kuunyamula, akukusamalirani mtima? Aliyense amadziwa kuti ndi bodza lamkunkhuniza, n'chifukwa chake benchi yonse imafa nalo phwete. Madokotala a payunivesite ya Maryland ku America anapeza mu 2005 kuti munthu akamaonera filimu yoseketsa, mitsempha imatakasuka, kayendedwe ka magazi n'kukwera ndi 22 peresenti!

Nanga ataonetsa anthu filimu yankhondo yochititsa nthumanzi? Kayendedwe kaja kanatsika ndi 35 peresenti.

Ululu nawo umagonja. Ku Oxford, gulu la Robin Dunbar linalengeza mu 2011 kuti chikhakhali chenicheni, chija chopweteketsa nthiti, chimatulutsa m'thupi timadzi toziziritsa ululu totchedwa endorphin. Amene anaonera zoseketsa limodzi kwa mphindi 15 anapirira ululu kuposa poyamba ndi pafupifupi 10 peresenti.

Mtolankhani wina wa ku America, Norman Cousins, anadwala nthenda yowawa ya msana mu 1964, ndipo anayamba kuonera mafilimu anthabwala ali chigonere. M'buku lake la mu 1979 anafotokoza kuti akaseka kwambiri kwa mphindi 10, ankapeza tulo topanda ululu ta maola awiri.

Koma chinsinsi chagona pa gulu, ndipo apa ndi pamene ife a m'makomboni tili ndi mwayi. Munayamba mwadabwapo kuti nthabwala ya kondakitala imagwetsa minibasi yonse yochokera ku Area 25, koma mukaikumbukira muli nokha mumangomwetulira? Katswiri wina, Robert Provine, anawerengera n'kupeza kuti munthu amaseka pagulu kuposa payekha kokwana ka 30.

Provine yemweyo anapezanso china chokoma. Amayi aja a pamsika wa Mgona amene amayamba kuseka nkhani yawo isanathe sakulakwitsa ayi, ndi mmene anthufe tilili. Wokamba nkhani amaseka kuposa omvera ake ndi 46 peresenti!

Kodi kuseka kungachepetse thupi? Pang'ono chabe, choncho musasiye kuyenda wapansi. Ofufuza a payunivesite ya Vanderbilt anapeza kuti kuseka kwa mphindi 10 mpaka 15 kumawotcha makalori osapitirira 40, ofanana ndi timasupuni tiwiri ndi theka ta shuga wa mutiyi wanu wam'mawa.

Makolo athu anazidziwa kale izi popanda makina. Anatisiyira nthano za Kalulu wopusitsa Njovu ndi Mvuu kuti zikokane chingwe, anatisiyiranso chisuweni, chija mumanyozana ndi msuweni wanu popanda wokwiya. Ngakhale pamaliro a gogo wokalamba, zidzukulu zimaloledwa kuchita nthabwala kuti mitima ipepuke.

Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lonse kwa zaka zambiri, ndipo sewero la Tikuferanji linaphunzitsa anthu za Edzi kudzera m'nthabwala za Manganya. Mukudziwa kumene mwini dzinalo anakafika? Michael Usi analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024.

Daliso Chaponda naye anatengera nthabwala zake kutsidya la nyanja. Pampikisano wa Britain's Got Talent mu 2017 anathera pa nambala 3.

Ku England komweko, pamudzi wa Santon Bridge, kuli mpikisano wosankha katswiri wa bodza padziko lonse. Maloya ndi andale saloledwa kulowa nawo, ati luso lawo ndi lalikulu kale. Aliyense amapatsidwa mphindi zisanu zokha.

Ndipo tsiku lokumbukira kuseka lilipo, Lamulungu loyamba la mwezi wa May. Analiyambitsa ndi dokotala wa ku Mumbai, Madan Kataria, amene gulu lake loseka linayamba mupaki mu 1995 ndi anthu asanu basi.

Inu amene mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga, pitirizani kumwa monga anakuuzirani adokotala, kusekaku kukhale kowonjezera. Loweruka likubwerali kokerani mpando pabawo kapena pokonzera tsitsi ku Biwi, mumusiye wankhambakamwa amalize nkhani yake. Nanga kwanuko ku Chinsapo kapena ku Area 23, mungatumize ndani ku Santon Bridge?