KUONA MASO A NKHONO NKUDEKHA: KAJAMBULIDWE KA MBALAME ZOLUSA

Alimi anzanga, ambiri a inu muli ndi mafoni ojambulira zithunzi, ndipo ena amadandaula kuti akati ayandikire mphamba kapena nkhwazi, mbalameyo imauluka asanakonzeke. Dziwani kuti maso a mbalame zolusa ndi akuthwa koposa athu. Kunyang'ama sikupindula, pakuti imakhala itakuonani kale muli patali. Chofunika nchakuti ikuyeseni munthu wongodutsa.

Choyamba, dziwani mtengo umene imakonda. Nkhwazi za ku Nyanja ya Malawi ndi mu mtsinje wa Shire zimabwerera kawirikawiri pa nthambi imodzimodzi podikira nsomba. Lawirirani mmamawa, pakuti mbalame zazikulu zimakhala phee kufikira dzuwa litatenthetsa nthaka, kuti mpweya wofunda uzinyamule. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, mbalame isaoneke bii pa chithunzi.

Chachiwiri, musalunjike pamene yatera, ndiponso musaiyang'anitsitse. Yendani chammbali, muime, muwerame monga munthu wopalira, kenaka musendere pang'ono. Valani zovala zosawala. Mukakhala m'bwato, lekani kupalasa, madzi akutengeni okha.

Chachitatu, penyani machitidwe ake. Ikatukula khosi ndi kukupenyetsetsani, imani pomwepo. Ikawerama kapena kuponya chitosi, ndiye kuti ili pafupi kuuluka. Ponyamuka imayang'ana kumene mphepo ikuchokera, chotero lozetsani foni yanu komweko.

Koma ku chisa musayandikireko. Nkhwazi imaikira dzira 1 kufikira mazira 3 basi. Make akathawa chifukwa cha inu, mazirawo amapsa ndi dzuwa kapena kudyedwa ndi akhwangwala. Palibe chithunzi chimene chingalipe zimenezo.

Tidziwa kuti kabawi amalanda anapiye, ndipo nchowawa. Koma mankhwala ake ndiwo kutsekera anapiye m'khola kufikira atakula, osati legeni kapena poizoni. Mbalame zambiri zolusa, pamodzi ndi kadzidzi, zimadya mbewa ndi makoswe amene amatha chimanga chathu m'munda ndi m'nkhokwe. Nkhwazi nayo ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko la Malawi kuyambira mu 1964.

Mbalame ikauluka lero musaithamangire. Bwererani mawa nthawi yomweyo, ndi mkuja womwe, kufikira itakuzolowerani. Phunzitsaninso ana anu kuchita chomwecho.