Kutopa ndi Nzeru za Wosewera Mpira

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikamba za cinthu cimene mumaona kawirikawiri pa bwalo la mpira. Kodi n'cifukwa ninji mnyamata amene anali kupatsira anzake mpira bwino poyamba, amayamba kupatsira adani nthawi ikatsala pang'ono kutha?

Wosewera wamkulu amathamanga makilomita ngati 10 m'mphindi 90. Mphamvu yake imacokera ku zakudya monga nsima, zimene thupi limasandutsa shuga ndi kusunga m'minofu ndi m'ciwindi. Pamene akuthamanga, nkhokwe imeneyi imacepa, madzi nawo amataika ndi thukuta, ndipo miyendo imalemera.

Koma mpira suseweredwa ndi miyendo yokha. Asanaumenye, wosewera ayenera kutukula mutu, kuona kumene kuli mnzake, kusankha cocita, ndi kuyesa mphamvu ya phazi lake. Zonsezi zimacitika m'kamphindi. Munthu wotopa maso ake amakhala pansi, pa mpira pokha. Mnzake amene ali pa mpata samuona msanga, ndipo pomuona, mpatawo watsekeka kale. Phazi nalo silimveranso bwino: mpira umapitirira kapena kuperewera. Woteteza kumbuyo amacedwa kufika, namenya mwendo wa mdani m'malo mwa mpira. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene zigoli zimaculukira m'mphindi 15 zotsiriza.

Taonani citsanzo. Mu 1974, ku Cairo, Zambia inakumana ndi Zaire, imene lero ndi Democratic Republic of Congo, pa masewera otsiriza olimbirana cikho ca Africa. Mphindi 90 zinatha ali 1-1. M'nthawi yoonjezera, onse atalema, Ndaye Mulamba anagoletsa pa mphindi 117, koma Brighton Sinyangwe anabwezera pa mphindi 120. Zigoli ziwirizo zinalowa motsatizana kumapeto kwenikweni. Atabwereza masewera patapita masiku awiri, Zaire inapambana 2-0.

Tsono inu aphunzitsi, mwana akalakwitsa kumapeto kwa masewera, musafulumire kumunena kuti ndi waulesi. Yambani mwaona ngati anadya, ngati wamwa madzi, ndiponso ngati anagona mokwanira. Ana aang'ono azisewera nthawi yaifupi, ndipo muziwasinthanitsa. Pophunzitsa, auzeni apatsirane mpira atangotha kuthamanga, kuti azolowere kuganiza ali wefuwefu.

Ndipo inu ana, mukamva kuti mwalema, tukulani mutu, mupatsire mnzanu amene ali pafupi, mpira usataike.