VELINGRAD: MZINDA UMENE CUMA CAKE NDI MADZI OTENTHA

M'midzi yambiri ya pa dziko lapansi, mai akafuna madzi ofunda osambitsira mwana ayenera kuyamba watola nkhuni, kusonkha moto ndi kutereka mtsuko. Koma ku Velingrad, mzinda wa m'mapiri a dziko la Bulgaria, madzi amatumphuka pansi ali otentha kale, usana ndi usiku, cilimwe ndi dzinja, popanda munthu kusonkhezera cikuni. Madzi amenewa ndiwo munda wa anthu a kumeneko, pakuti ndiwo amene amaitana alendo, ndipo alendowo ndiwo amabweretsa nchito ndi ndalama.

Bulgaria ali kum'mwera ca kum'mawa kwa Ulaya, ndipo amacita malire ndi Greece ndi Turkey kum'mwera kwake. Velingrad ali m'cigwa ca Chepino, m'mapiri a Rhodope, pa mtunda wa makilomita ngati 130 kucokera ku Sofia, likulu la dzikolo. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 700 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo muli anthu ngati 20,000. Mbali zonse wazingidwa ndi nkhalango za mitengo ya paini. Kuyambira December kufikira February kumazizira koopsa, ndipo cipale cofewa, coyera ngati ufa, cimakuta mapiri. Ngakhale pa nyengo yotereyi, nthunzi imaoneka ikufuka pa akasupe.

AKASUPE OPOSA 80

Mu mzindawu ndi m'mbali mwake muli akasupe a madzi otentha oposa 80. Ena ndi ofunda cabe, oti mwana akhoza kusambamo. Ena, makamaka a ku dera la Kamenitsa, amatentha kupitirira madigiri 80, pafupi ndi kuwira, kotero kuti munthu atapisamo dzanja akhoza kupsa.

Akatswiri a za miyala amalongosola kuti madzi amenewa ndi mvula ndi cipale cosungunuka cimene cimalowa m'ming'alu ya matanthwe ndi kutsikira pansi patali. Pansipo miyala ndi yotentha, cifukwa munthu akamanka nakumba dziko lapansi kutentha kumanka kucuruka. Madziwo amakhala kumeneko zaka zambiri, natenga kutentha kwa miyala pamodzi ndi micere yake, monga sulufule, kenaka nakwera ndi ming'alu yina kufikira atatulukira kunja. N'cifukwa cake kasupe aliyense ali ndi fungo lake, kutentha kwake ndi kakomedwe kake.

Nyumba zakale zosambiramo zili ndi maina osonyeza zimenezi. Ilipo yochedwa nyumba ya sulufule, ilipo ya matope, iliponso ya amuna ndi ya akazi. Madokotala a ku Bulgaria amatumiza kumeneku anthu odwala nyamakazi, msana, cifuwa ndi impso, ndiponso amene ali kucira atavulala. Odwala amasamba kwa mphindi zowerengeka monga momwe dokotala walamulira, pakuti kukhalitsa m'madzi otentha kumafooketsa munthu, makamaka wa nthenda ya mtima. Ngakhale kumwa madziwa kuli ndi muyeso wake cifukwa ca micere ili m'menemo. Madziwa amapepuza zowawa ndi kuthandiza thupi kubwerera m'cimake, koma salowa m'malo mwa mankhwala a ku cipatala.

MBIRI YA CIGWA CA CHEPINO

Anthu anayamba kukhala m'cigwaci kalekale. Oyamba odziwika m'mbiri ndi mtundu wa Thrace, ndipo pambuyo pao dzikolo linagwa m'manja mwa Aroma, anthu amene anali kukonda kwambiri kusamba m'madzi otentha. Kenaka kunafika mitundu ya Asilavu, imene cilankhulo cao ndico kholo la cilankhulo ca ku Bulgaria ca lero.

Pa phiri lina pafupi ndi mudzi wa Dorkovo pali mabwinja a linga la Tsepina. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1200 linga limeneli linali likulu la Alexius Slav, wa ku banja lacifumu la Bulgaria, amene anadzilamulira yekha m'mapiri a Rhodope asanasamukire ku Melnik. Maziko a makoma, a machalichi ndi a zitsime zosungiramo madzi akali kuoneka.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 Bulgaria anagonjetsedwa ndi ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, ndipo ulamuliro umenewu unakhala zaka pafupifupi 500, kufikira mu 1878. M'zaka za m'ma 1600 anthu ambiri a m'cigwa ca Chepino analowa Cisilamu. Akatswiri a mbiri amatsutsana pa nkhaniyi: ena amati anthuwo anaumirizidwa ndi lupanga, ena amati analowa pang'onopang'ono pothawa misonkho yolemera imene Akristu anali kukhoma. Zidzukulu zao zilipo mpaka lero, zimalankhula cilankhulo ca Bulgaria, ndipo m'cigwamo machalichi ndi mizikiti zili moyandikana.

DZINA LA MTSIKANA

Velingrad weniweniyo si mzinda wakale ai. Unakhazikitsidwa mu 1948 pamene boma linaphatikiza midzi itatu, Chepino, Ladzhene ndi Kamenitsa, nkuipatsa dzina limodzi. Dzinali litanthauza "mzinda wa Vela", ndipo likumbutsa mtsikana wochedwa Vela Peeva.

Vela anabadwira ku Kamenitsa mu 1922, ndipo anakaphunzira ku yunivesite ya ku Sofia. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse boma la Bulgaria linagwirizana ndi Germany wa Hitler. Vela, amene anali wa cipani ca Komyunisti, analowa m'nkhalango mu 1943 kukaphatikana ndi gulu la zigawenga zolimbana ndi bomalo. Mu 1944 anasakidwa m'mapiri kwa masabata angapo ali yekha, ndipo pa 3 May, ataona kuti adani amuzinga, anadziwombera yekha kuti asagwidwe wamoyo. Anali ndi zaka 22 zokha. Ulamuliro wa Komyunisti utatha mu 1989, mizinda yambiri ya m'dzikolo inataya maina a nthawi imeneyo, koma Velingrad anasunga lake, ndipo nyumba imene Vela anabadwiramo ikali kusungidwa monga cikumbutso.

KASITIMA KA M'MAPIRI

Cimene cinatsegula cigwaci ndico njanji. Nchito yoimanga inayamba mu 1921, ndipo sitima inafika ku Ladzhene mu 1926. Njanjiyo inamalizidwa mu 1945 itafika ku Dobrinishte, makilomita 125 kucokera ku Septemvri kumene imayambira. Ndi njanji yopapatiza, pakuti pakati pa zitsulo zake ziwiri pali masentimita 76 okha, ndipo ndi yokhayo ya mtundu umenewu imene yatsala ikunyamula anthu m'Bulgaria.

Kasitimako kamayenda mwacifatse, ulendo wonse maola ngati 5, kukhotakhota m'mphepete mwa mtsinje wa Chepinska ndi kulowa m'mapanga obooledwa m'mapiri oposa 30. Pa siteshoni ya Avramovo kamakhala katakwera mamita 1,267, ndipo palibe siteshoni ina yokwera cotere m'dera lonse la Balkan. Mu 2002 nthambi ina ya njanjiyi, yopita ku Pazardzhik, inatsekedwa, ndipo panali mantha akuti yotsalayo idzatsekedwanso cifukwa siinali kubweza ndalama. Anthu anadandaula kwambiri, pakuti kwa a m'midzi ya m'mapiri kasitimaka ndiko kamene kamawafikitsa ku sukulu, ku cipatala ndi ku msika kukagulitsa mkaka, uci ndi mbatata. Njanjiyo inapulumuka, ndipo tsopano alendo ambiri amakwera kasitimako pongofuna kuona dziko.

ZOONA MLENDO

Mlendo akatuluka m'madzi otentha, kawirikawiri amayamba wapita ku Kleptuza. Ameneyu ndi kasupe wa madzi ozizira, mmodzi mwa akasupe akuluakulu a m'dzikolo, wotulutsa malita mazanamazana pa sekondi iliyonse. Madzi ake adzaza maiwe awiri amene anthu amapalasamo timabwato, ndipo m'mbali mwake muli mitengo ya paini ndi malo odyera.

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mu mzindawu muli mazira ambirimbiri okongoletsedwa. Ndi mwambo wa akazi a kumeneko kulemba maluwa ndi mizere pa cikamba ca dzira ndi phula la njuci losungunula, kenaka nkuliviika mu utoto, pokonzekera Pasaka. Pamene pali phula utoto sugwira, motero zolembazo zimatsala zikuoneka bwino.

Ku Dorkovo, kufupi ndi linga lija, akatswiri anafukula mafupa a nyama zimene zinali kukhala kumeneko zaka ngati 5 miliyoni zapitazo. Zambiri mwa izo zinali zamtundu wa njovu, za minyanga yaitali ndi yowongoka. Mu 2013 kunatsegulidwa nyumba yoonetseramo mafupawa, ndipo m'kati mwake anaimikamo cifaniziro ca nyamayo pa msinkhu wake weniweni. Okonda kuyenda m'nkhalango amakwera ku Yundola, makilomita ngati 16 kucokera mu mzinda, ndipo okonda kuwedza amapita ku damu la Batak.

MLENDO NDI MAME

Pa nthawi ya ulamuliro wa Komyunisti boma ndi mabungwe a anchito anamanga nyumba zopumuliramo ndi zipatala, ndipo anchito a m'mafakitale anali kubwera kudzapuma pa mtengo wocepa. Anthu ambiri a mu mzindawu anali kugwira nchito yoceka matabwa. Zinthu zitasintha mu 1989, nchito zambiri za boma zinatha, ndipo m'malo mwake munamera mahotela a anthu a malonda, okhala ndi maiwe osambiramo. Mu 2009 Velingrad anapatsidwa dzina laulemu lakuti likulu la malo a madzi ociritsa m'dera la Balkan.

Nchito za m'mahotela ndi zofunika koposa m'dziko limene anyamata ndi atsikana ambiri amacoka kukafuna nchito kunja. M'zaka za m'ma 1980 Bulgaria anali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni, koma kalembera wa 2021 anapeza 6.5 miliyoni okha. Mzinda umene ungathe kupatsa ana ake nchito kwao komweko uli ndi mwai.

Komabe akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cuma codalira alendo cimafuna kusamala, ndipo a ku Velingrad ali ndi zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Coyamba ndi madzi. Kasupe amatulutsa madzi monga mwa muyeso wake, ndipo hotela iliyonse yatsopano imafuna gawo lake. Cifukwa ca ici madzi otere ali m'manja mwa boma ndi makhonsolo, ndipo wofuna kuwagwiritsa nchito ayenera kutenga cilolezo ndi kulipira. Caciwiri ndi nkhalango. Mitengo ya paini ndiyo imagwira nthaka ya m'mapiri ndi kulola mvula kulowa pansi, ndiponso ndiyo imapereka mpweya wabwino umene odwala cifuwa amautsata. Mitengoyo ikadulidwa mosasamala, mvula idzangothamangira ku mtsinje, ndipo madzi amene sanalowe pansi lero sadzatuluka pa kasupe m'masiku a adzukulu.