MIBULU YA MASO NDI NDIWO ZA KUDIMBA

 Lero tikambirana za maso a makolo athu okalamba, ndi za mibulu ina imene igulitsidwa m'masitolo a mankhwala ku Lusaka, yolembedwa pa botolo kuti ndi mavitamini a maso. Ana ogwira nchito m'tauni akamva kuti amai kapena atate kumudzi saona bwino, amagula botolo lotere ndi ndalama zambiri, nalipatsira munthu wokwera basi ya pa mseu wa Great East kuti akatule kwao. Mtima wao ndi wabwino ndithu. Koma tiyenera kufunsa kuti: kodi mibuluyi ithandiza yani, ndipo ingapweteke yani?

Nthenda yace ndi yotani?

Kuseri kwa diso, m'kati mweni-mweni, muli kansalu kopyapyala kolandira kuunika, kamene adotolo akacha retina. Pakati pa kansaluko pali kamalo kacikasu, kakang'ono ngati njere ya nandolo, dzina lace macula. Ndi kamalo kameneka tionera zinthu zofuna diso lakuthwa: kupisa ulusi pa singano, kusankha timiyala mu nyemba, kuwerenga kalata, ndi kuzindikira nkhope ya mlendo.

Kwa anthu ena opitirira zaka 50 kamaloka kayamba kutha. M'Cingerezi nthendayi aicha macular degeneration. Munthu wodwala nthenda imeneyi aona za m'mbali bwino lomwe, ayenda yekha kumka kumunda, koma cinthu cimene acipenyetsetsa ndico cimbisika. Aona nsalu ndi mpango wa mdzukulu wace, koma pa nkhope pali ngati nkhungu. Diso silipweteka, silifiira, ndipo munthu woliyang'ana kunja saona cilema ciri conse.

Nthendayi iri ya mitundu iwiri. Youma ndiyo yoculuka. Iyenda pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri. Yonyowa ndiyo yoopsa: timitsempha tatsopano timera pansi pa kansalu kaja, nititayira madzi ndi magazi, ndipo maso angaonongeke m'masabata owerengeka.

Tsono mumvetse ici, pakuti ndico mutu wa nkhani yonse. Okalamba ambiri a m'midzi yathu amene saona bwino sadwala nthenda imeneyi iai. Cocititsa khungu coposa zonse kwathu kuno ndi ng'ala, imene iyeretsa mwana wa diso. Ndipo ng'ala icotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu nkuonanso. Ena ali ndi glaucoma, nthenda ya madzi othina m'diso imene idya maso kuyambira m'mbali mwakacete-cete, ndipo yavuta kwambiri ife anthu akuda. Ena maso ao aonongeka ndi matenda a shuga. Enanso angosowa magalasi basi. Mibulu ya maso siciritsa imodzi yomwe ya nthenda izi. Munthu wa glaucoma amene atha miyezi alikumeza mibulu kunyumba ataya maso amene sadzabweranso.

Kumene mibuluyi inacokera

Mibuluyi inayesedwa ku America ndi bungwe la boma loyang'anira za maso, la National Eye Institute. Mayeso oyamba, ochedwa AREDS, anayamba m'caka ca 1992, ndipo zopeza zace zinalengezedwa mu 2001. Anthu a zaka 55 kufikira 80 anapatsidwa tsiku ndi tsiku vitamini C mamiligalamu 500, vitamini E miyeso 400, beta-carotene mamiligalamu 15, zinki mamiligalamu 80, ndi kopa mamiligalamu 2. Anzao ena anapatsidwa mibulu yopanda mankhwala, kuti kusiyana kuoneke.

Zimene anapeza ndi izi. Mwa anthu amene nthenda inali itafika kale pakati, kapena itaononga kale diso limodzi, pa 100 ali onse amene sanalandire mankhwala, 28 nthenda yao inakula kufika poipa m'zaka zisanu. Pa 100 amene analandira, anali 20. Ndiko kunena kuti mibulu inapulumutsa anthu 8 pa 100. Ici ndi cinthu cacikulu kwa anthu asanu ndi atatuwo, koma taonani malire ace. Mibulu inangocedwetsa nthenda. Siinabweze maso otayika. Kwa iwo amene nthenda inali itangoyamba, phindu silinaoneke. Sanapezenso kuti iletsa ng'ala, ndipo palibe umboni wakuti icinjiriza munthu wa maso abwino.

Mayeso aciwiri, a AREDS2, anayamba mu 2006 ndi anthu 4,203, ndipo zopeza zace zinalengezedwa mu 2013. Apa anapeza kuti beta-carotene angacotsedwe, ndipo m'malo mwace mungalowe lutein mamiligalamu 10 ndi zeaxanthin mamiligalamu 2, zinthu zacikasu zopezeka m'masamba. Anayesanso kuonjezamo mafuta a nsomba, koma sanaone phindu loonjezereka.

Walira mvula walira matope

Anthu ambiri aganiza kuti vitamini ndi cakudya cabe, cosatha kupweteka munthu. M'ndiwo zitero ndithu. Koma m'mibuluyi muyeso wace ndi wa mankhwala. Vitamini C wa tsiku limodzi alingana ndi wa m'malalanje asanu ndi awiri. Zinki yace iposa kasanu ndi kawiri imene thupi la mwamuna lifuna pa tsiku. Cifukwa cace tiyenera kudziwa zobvuta zace cimodzi-cimodzi.

Coyamba, ndi coopsa koposa, ndi beta-carotene kwa anthu okoka fodya. M'dziko la Finland anayesa mankhwalawa pa amuna okoka fodya oposa 29,000, poyembekeza kuti adzawacinjiriza ku khansa ya m'mapapo. Mu 1994 anadabwa kupeza zosiyana: khansayo inaculuka ndi magawo 18 pa 100 mwa iwo amene anamwa. Mayeso ena a ku America analekezedwa panjira mu 1996 pa cifukwa comweco. M'mayeso a AREDS2 namonso, khansa ya m'mapapo inaoneka kwambiri mwa olandira beta-carotene, ndipo ambiri a iwo anali anthu amene analeka fodya kale. Tsono ngati agogo akoka ndudu kapena kaliwo, kapena anakokapo masiku akale, werengani pa botolo. Mukaona mau akuti beta-carotene, asamwe. Kwa anthu ena beta-carotene wambiri asandutsa khungu la m'manja ndi kumapazi lacikasu; ici sicoopsa, cimatha munthu akaleka kumwa.

Caciwiri ndi zinki. Ikamwedwa m'mimba muli njala icititsa mseru, kupotokola, ngakhale kusanza. Cifukwa cace imwedwe pamodzi ndi nsima. M'mayeso oyamba aja, anthu olandira zinki anagonekedwa m'cipatala kawiri-kawiri kuposa anzao cifukwa ca zobvuta za m'njira ya mkodzo. Zinki yambiri iletsanso thupi kulandira kopa, ndipo munthu wosowa kopa magazi ace acepa. Ndico cifukwa anaikamo kopa. Mibulu ya zinki yambiri yopanda kopa ndi yosayenera kumwa miyezi yambiri. Zinki ifooketsanso mankhwala ena ophera tizirombo, monga tetracycline ndi ciprofloxacin, akamwedwa nthawi imodzi.

Cacitatu ndi vitamini E. Wambiri acedwetsa magazi kuundana. Munthu amene alikumwa kale mankhwala osungunula magazi, monga warfarin, angayambe kukha magazi m'mphuno ndi m'nkhama, kapena m'kati mosaoneka. Ndiponso mayeso ena akulu a amuna oposa 35,000 anasonyeza mu 2011 kuti omwa vitamini E pa muyeso womwewu anadwala khansa ya prostate, kaciwalo ka pansi pa cikhodzodzo, koposa anzao ndi magawo 17 pa 100. Mayeso a maso aja sanaone zotere, koma mwamuna wokalamba acita bwino kukambirana ndi dotolo asanayambe.

Cacinai ndi vitamini C. Kwa ena atsegula m'mimba, ndipo munthu amene anadwalapo timiyala ta mu impso, kapena impso zace ziri zofooka, ayenera kucenjera naye.

Cobvuta cotsiriza ndi ca m'thumba. Mibuluyi siimwedwa sabata limodzi ngati ya malungo. Ndi ya masiku onse, caka ndi caka. Ndalama ya mabotolo awiri kapena atatu ikadatha kufikitsa agogo ku cipatala ca maso ndi kuwabweza. Ndipo ogulitsa mankhwala m'misika ndi m'mabasi, olonjeza kuti botolo limodzi litsegula maso a wakhungu, muwapewe. Mankhwala agulidwe m'sitolo yololedwa ndi bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'Zambia.

Pano tisasokoneze zinthu ziwiri. Timibulu ta vitamini A timene ana aang'ono alandira ku kiliniki pa sabata la umoyo wa ana ndi nkhani yina. Timeneto ticinjiriza ana ku khungu la usiku ndi ku matenda ena, ndipo amai apitirize kumka nao ana ao osaopa.

Zimene dimba lipatsa

Tinati kamalo kaja ka m'diso ndi kacikasu. Cikasu cimeneco ndi lutein ndi zeaxanthin, zimene zicinjiriza kamaloko ku kuwala koopsa. Thupi silitha kuzipanga lokha, lizitenga m'cakudya. Ndipo ziri zoculuka m'ndiwo zimene ena azipeputsa kuti ndi za amphawi: cibwabwa, bonongwe, kalembula, masamba a cinangwa, cisoso, lepu ndi mpiru. Tsamba likakhala lobiriwira kwambiri, ndiye kuti muli zambiri. Zipezekanso m'cikasu ca dzira ndi m'cimanga cacikasu. Dzina lomwe lakuti zeaxanthin linatengedwa ku dzina la cimanga m'cinenero ca ophunzira. Cimanga cofiirira cimene cinayamba kufalitsidwa m'Zambia mu 2012 ciri ndi beta-carotene, monganso maungu, mango, mapapaya ndi mbatata zofiira m'kati. Koma muyeso wa m'cakudya ndi wofatsa, ndipo suopsa ngakhale wokoka fodya.

Ofufuza aona kuti anthu odya masamba, zipatso ndi nsomba kawiri-kawiri sadwala nthendayi kwambiri monga anzao. Sitinena kuti ndiwo ziciritsa diso lodwala. Tinena kuti ndizo cinjirizo limene munthu ali yense angalipeze popanda coopsa. Kapenta ndi nsomba za ku Luangwa ndi Lunsemfwa, nyemba ndi nshawa za zinki, magwafa, malalanje ndi malambe a vitamini C, zonsezi ziri pafupi nafe.

Kaphikidwe kali ndi kanthu. Cikasu ca m'masamba cilowa bwino m'thupi cikayenda ndi mafuta. Tsono amai otendera ndiwo ndi nsinjiro acita mwanzeru, ndipo pakasowa nsinjiro, supuni ya mafuta ikwanira. Masamba asabwatitsidwe nthawi yaitali, msuzi wace usatayidwe, ndipo soda ndi cidulo zicepe, pakuti ziononga mavitamini ena. Pofutsa ndiwo za m'cilimwe, ziyanikeni pamthunzi popita mphepo. Dzuwa lamphamvu lidya cikasu cimene ticifuna.

Koma coposa ndiwo, coposanso mibulu, ndi kuleka fodya. Pa zinthu zonse zimene munthu angathe kuzisintha, fodya ndiye woyamba kuononga kamalo kaja. Wokoka ali pa ngozi yoposa kawiri ya wosakoka. Wa shuga ndi wa kuthamanga kwa magazi asaleke mankhwala ace, pakuti timitsempha ta m'diso ndi tating'ono, tosacedwa kuonongeka.

Tsono ticite ciani?

Kunyumba yesani motere kamodzi pa sabata. Phimbani diso limodzi ndi dzanja, nimuyang'ane cinthu coongoka, monga mphuthu ya citseko kapena mizere ya m'kope la mwana wa sukulu. Kenaka phimbani linalo. Tiyesa diso liri lonse pa lokha cifukwa diso labwino libisa cilema ca linzace. Mizere ikaoneka yokhota, kapena pakati pakaoneka banga lakuda, musayembekeze kukolola kapena kugulitsa mbuzi. Pitani ku cipatala sabata lomwelo. Mtundu wonyowa uja uli ndi mankhwala ace, jekeseni wobaya m'diso, amene anayamba kufala kuyambira caka ca 2006, ndipo apulumutsa maso a ofika msanga. Mibulu siingalowe m'malo mwace.

Yambirani pa kiliniki ya kwanu, kapena pa cipatala ca St Luke's ku Mpanshya, ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa odziwa za maso. Ku Lusaka kuli cipatala ca maso ca University Teaching Hospitals, ndiponso Lusaka Eye Hospital. Kumeneko adzathira mankhwala okuza mwana wa diso, nadzasuzumira kuseri ndi nyali yao. Palibe njira yina yodziwira nthenda imene munthu ali nayo. Tengani mankhwala onse amene wodwala alikumwa, pamodzi ndi botolo limene ana anatumiza, ndipo nenani poyera za fodya, ngakhale wa zaka zakale. Dotolo akati nthenda ndi imeneyi, ndipo yafika pa msinkhu woyenera mibulu, imwani mokhulupirika monga mwa mau ace. Akati ndi ng'ala, kondwerani, pakuti imeneyo icotsedwa.

Kwa inu ana a m'tauni, mau athu ndi awa: safunsa anadya phula. Musanagule botolo, tumizani ndalama ya basi, nimuperekeze makolo anu kukapimitsa maso. Kwa inu a kumudzi, samalani madimba anu, ndipo mbale ya masamba isasowe pa mphasa ya agogo.