Kulosera Mtengo wa Masheya a Tesla ndi Masamu a Mlimi wa Kachewere

Mlimi wa kachewere ku Bembeke, m'boma la Dedza, akamabzala, mumtima amakhala atagulitsa kale. Amawerengera matumba, n'kuchotsera za feteleza ndi mankhwala a chiwawu, kenaka n'kuganizira mtengo umene mavenda adzatchule pa Lizulu kapena pa Chimbiya. Ndi miyezi itatu kapena inayi yokha, komabe kawirikawiri amaphonya. Mvula ikachuluka masamba amapserera m'munda, ndipo anthu onse akakolola bwino thumba limagwa mtengo.

Akatswiri a zachuma amachita masamu omwewa ndi masheya a Tesla, kampani ya ku America yopanga galimoto zoyendera magetsi, kungoti iwo amaponya maso zaka khumi kutsogolo. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Tesla inayamba kugulitsa masheya ake pa msika wa Nasdaq mu June 2010, imodzi pa madola 17. Mu 2020 sheya iliyonse inagawidwa pasanu, mu 2022 patatu, choncho amene anasunga imodzi kuyambira pachiyambi lero ali nazo 15.

Wolosera amayamba ndi kuyerekeza galimoto zimene kampani idzagulitse. Amachulukitsa ndi phindu la pa galimoto imodzi, n'kuganiziranso ndalama zimene ogula adzalole kulipira kuti akhale ndi gawo pa phindulo. Pomaliza amatsitsa chiwerengerocho, popeza ndalama ya mawa siilemera ngati ya lero. Mfundo imeneyi Mmalawi safunika kuphunzitsidwa: anaiona mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti.

Vuto lili pa kuchulukitsako. K100,000 yomakula ndi 10 peresenti chaka chilichonse imafika pafupifupi K259,000 pakatha zaka khumi. Ikamakula ndi 20 peresenti imafika K619,000. Akatswiri awiri ongosiyana maganizo pa nambala imodzi amatulutsa mayankho otalikirana chonchi, onse atawerengera molondola.

Ndiye pali zimene palibe amaziika m'masamu. Mu 2022 masheya a Tesla anagwa ndi pafupifupi 65 peresenti, chaka chotsatira mtengo n'kuwirikiza kawiri. Kampaniyi inagulitsa galimoto 1.8 miliyoni mu 2023, koma kumapeto kwa chaka chomwecho BYD ya ku China inaipitirira pa malonda a galimoto zoyendera batire lokha, ndipo mu 2024 malonda a Tesla anatsikako. Fisker, kampani ina ya ku America imene ambiri ankaiyembekezera, inagwa mu June 2024.

Louis Bachelier, katswiri wa masamu wa ku France, anaonetsa mu 1900 kuti mitengo ya pa msika wa masheya imadzandira mopanda njira yodziwika, ndipo chikaiko chimakula nthawi ikamatalika. N'chifukwa chake wolosera woona mtima amatchula mtengo wotsika, wapakati ndi wokwera, nafotokoza zimene waganizira pa uliwonse. Amene akutchula nambala imodzi yokha ya chaka cha 2035, makamaka akamapempha anthu pa WhatsApp kuti atumize ndalama, ngofunika kumukayikira kwambiri. Masheya enieni m'dziko muno amagulidwa kudzera kwa mabroka ovomerezeka a Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene Airtel Malawi inalowa mu 2020 pa K12.69 sheya imodzi.

Nkhaniyi siili kutali ndi Dedza. Kumunsi kwa mapiri, ku Golomoti, malo opanga magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amasunga mphamvu m'mabatire a lithium, achibale a amene ali m'galimoto za Tesla. Mabatire otere amafuna mwala wa graphite, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka wambiri. Mu 2023 Rio Tinto inagula masheya m'kampani ya Sovereign Metals imene ikufufuza kumeneko. Ndalama zotsegulira mgodi wotero zimabwera kapena kuchedwa potengeranso maloserowa, a galimoto zingati zimene dziko lapansi lidzagule.